Madzi Akaphwa

Ndinachilozetsa ku dzuwa la ku Bangula,
chipepala chakuda, cholimba ngati phiko la mleme,
ndipo m'menemo munali mutu wa Dominga
wodulidwa magawomagawo ngati nkhaka,
m'mizere inayi, wopanda dontho la magazi.

Ine ntchito yanga ndi kuwerenga madzi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikuwolotsa pa Mtayamoyo
anthu, njinga, matumba a mapira, kawiri konse mtembo.
Ndimadziwa pomwe mchenga wabisala
pongoona makwinya a pamwamba pa mtsinje.
Koma madzi awa anali m'mutu mwa mwana wanga.

Kale khunyu linkabwera n'kupita
m'kanthawi kongokwanira kufunafuna nsapato.
Usiku uja linabwera ndi mphasa yake.
Amake anamugoneka chammbali,
supuni ya a Nyamazawo tinaikana,
ndipo ndinakankha bwato nkhuku zisanalire.
Zidendene zake zinkamenya thabwa
ngati mlamba wongokwezedwa kumene,
gu, gu, gu,
ine n'kumapalasa motsata kugundako
poti panalibe china choti ndichite nako.

Namwino, jakisoni ali m'manja, anafunsa:
wakhala akuphupha mphindi zingati?
Ndinati: kuyambira tsidya lija.
Anandiyang'ana, nalemba nambala yomwe sindinaione.

Ku Blantyre anamulowetsa m'chimphika chophokosera
ngati chigayo cha ku Ngabu.
Adokotala anagogoda ndi cholembera: onani poyerapa.
Kumanzere kunkawala
ngati dimba lomwe madzi alowamo usiku wa mwezi,
mizere ya mbatata yonse itamira.
Anati ubongo watupa, unagwira ntchito osapumira,
anati kawirikawiri kuwalaku kumaphwa kokha.
Ndinagwedeza mutu.
Zakuphwa ndimazidziwa.
Ndimadziwanso kuti Shire akabwerera m'malo mwake
sabweza zonse zomwe anatenga.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi
tinagulitsa mbuzi yamawanga, tinakweranso phiri.
Chithunzi chachiwiri chinalibe kuwala kuja.
Amake anayamba kuwomba m'manja,
koma cholembera sichinachoke papepala.
Chinatsetserekera mkati, kufupi ndi khutu,
pa kanthu kopindika ngati mbedza.
Kumanja kanali konenepa.
Kumanzere kanali katafota,
ngati gombe lomwe lakhala likudyedwa chamunsi
udzu wapamwamba ukadali wobiriwira.

Apa, anatero, ndi pomwe za lero zimayamba zaima
zisanakasungidwe.
Doko, ndinatero chamumtima.
Doko lagumuka, katundu akungofika n'kugwera m'madzi.

Dominga akudziwabe mayina a nsomba zonse,
makakana, mphuta, nkhonokono, dowe.
Akudziwa nyimbo zomwe ankaimba ali sitandade wani.
Mukamutuma mchere amafika mpaka pa njanji yakale,
n'kubwerera ndalama ili m'manja,
akuseka mwamanyazi: munati chiyani kodi?

Ndipo m'mawa uliwonse, akasuzumira m'khola,
amafunsa komwe kwapita mbuzi yamawanga.
Ndamuuza Lolemba, ndamuuza Lachiwiri.
Tsiku lina ndinanama kuti ili kubusa,
anakhala pa mpanda mpaka dzuwa linapendeka.
Sindinamenso.
Ndimamuuza, amalira pang'ono, amakatunga madzi,
mawa lake mbuzi ija imagulitsidwanso.

Mapiritsi timawerenga ndi khala pachitseko,
kamzere kamodzi madzulo alionse.
Timizere tafika zana ndi makumi anayi osagwa.
Sindinena mokweza.

Zithunzi ziwirizo zili m'jumbo, kudenga,
pamodzi ndi makadi a ubatizo,
pamwamba pa chingwe chamatope
chomwe madzi a chaka chatha anasiya pakhoma.
Nthawi zina kukatentha moti tulo tathawa
ndimazitsitsa, n'kuziyatsa ndi tochi ya foni,
chakale kumanzere, chatsopano kumanja,
kufunafuna pomwe ndikadadutsa,
pomwe ndikadapalasa kawiri m'malo mwa kamodzi.

Dzulo anakwera nane bwato.
Pakati pa mtsinje anaviika dzanja, nati:
ababa, apa pali mchenga, pindirani uko.
Ndinayang'ana makwinya aja.
Panalidi mchenga.